Mutu 7: Kabotolo ka M'dilowa ya A Funsani

1. Loweruka pakhonde la sitolo

Nthawi inali itangopitirira 2 koloko masana, Loweruka loyamba la Novembala. Mvula inali isanagwe, ndipo dzuwa linali likuswa mtengo. Pa Namitambo panalibe kamphepo n'komwe. Anyamata a kabaza anangokhala pamthunzi ali lefu, osalimbirana anthu otsika minibasi.

Nester, mtsikana wa Fomu 3, anali pabenchi pafupi ndi makina osokera a bambo ake. Loweruka lililonse ntchito yake inali yomweyo: kulowetsa ulusi m'singano, kusita zovala zomwe zatha, ndi kusesa tizidutswa ta nsalu.

Bambo akewo, a Funsani, anali telala wa pakhonde la sitolo ina pamsikapo. Mayi a Nester anamwalira iye ali Sitandade 6, ndipo pakhomo anatsala awiriwo basi.

Diso lakumanzere la a Funsani linafa zaka ziwiri zapitazo. Silinawawe, silinafiire. Linangozima pang'onopang'ono ngati nyali yotha mafuta. Kuchipatala cha ku boma anawauza kuti ndi gulakoma, matenda amene madzi a m'diso amalephera kutuluka bwino, n'kumapanikiza mtsempha woonera mpaka kuupha. Diso lakumanja nalo linali litayamba. Kuti litsale, anawapatsa mankhwala odontheza m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse, moyo wawo wonse.

Masana amenewo kunabwera mayi wina kudzatenga yunifolomu ya mwana wake. Anaima chakumanja kwa makina, pafupi moti akanatha kuwagwira phewa. A Funsani anangopitiriza kusoka. Anadzidzimuka mayiyo atatsokomola. Anaseka, napepesa, nati ntchito ikachuluka munthu saona za m'mbali.

Mayiyo atatambasula yunifolomu ija, anapeza msoko wa m'mbali uli wokhota. Anang'ung'udza, nati adzabweranso Lachiwiri.

Nester anakoka dilowa ya makina kufuna lezala yomasulira msokowo. Pansi pa mabatani ndi choko anapeza kabotolo ka mankhwala a m'diso. Chotsekera chake chinali chisanadulidwe. Pakapepala kake panali deti la mwezi wa Seputembala.

"Ababa, kabotolo aka bwanji sikanatsegulidwe?"

"Ako kasiyeni, adokotala," anayankha a Funsani akumwetulira. "Ndinasiya. Ndili pa mankhwala anu tsopano."

2. Zimene Nester ananena kusukulu

Dzina loti adokotala linayamba kumapeto kwa Seputembala, pa tsiku la makolo kusukulu.

Aphunzitsi a sayansi anali ataphunzitsa ana a kalabu yawo za zomera ndi maso. Anati masamba obiriwira kwambiri monga chammwamba, bonongwe ndi chisoso, komanso mbatata yofiira m'kati, maungu, mango ndi papaya, zili ndi tinthu tachilengedwe timene thupi limasandutsa vitamini A. Anatinso muli tina timene timathandiza kuti m'kati mwa diso musakalambe msanga.

Nester anaikonda nkhaniyo. Anathyola masamba a chammwamba kuseri kwa nyumba, nawayanika pamthunzi kuti mphamvu yake isathe ndi dzuwa. Anasinja, anasefa, naika ufawo m'mabotolo otsuka bwino. Patsikulo anafotokoza zonse pamaso pa makolo, ndipo anthu anaomba m'manja.

Kenaka bambo wina anafunsa ngati ufawo ungathandizenso munthu amene maso ake anadwala kale. Aphunzitsi anali kwina ndi alendo. Nester sankadziwa yankho. Koma makolo onse anali kumuyang'ana, ndipo bambo ake anali pamzere wakutsogolo atavala jekete. Anayankha kuti inde, umachiza, bola kumwa osadumphitsa.

Kuyambira tsiku limenelo a Funsani ankathira masupuni awiri a ufawo m'phala m'mawa uliwonse. Nester ankasangalala nazo. Sankadziwa kuti kabotolo kanalowa m'dilowa.

Tsopano, pakhonde la sitolo paja, a Funsani anafotokoza mosabisa, ngati munthu amene wachita chinthu chanzeru.

"Mankhwala achikuda ndi achizungu sakumana m'thupi limodzi. Amamenyana, wovulala n'kukhala mwini thupi. Amayi anga anandiuza, ndipo aliyense kuno amadziwa. Ndiye ndinati ndisankhe kumodzi. A m'botolowa ndadontheza zaka ziwiri, amangoluma, kusintha osakuona. Koma anuwa, tandionani, ndayamba kunenepa."

Anawonjeza kuti anatopa nawo ulendo wa mwezi ndi mwezi wa kuchipatala, kudzuka m'mamawa, kukhala pamzere tsiku lonse, makina ali chivundikirire. Mulungu, iwo anati, anawachitira chifundo powapatsa dokotala m'nyumba momwe.

Nester anabweza kabotolo m'dilowa muja. Anatenga lezala n'kuyamba kumasula msoko wokhota uja.

3. Kudimba kwa a Mikaele

Cha m'ma 4 koloko Nester anati akukatenga ndiwo. Anatsikira kudambo, kudimba kwa amalume ake a Mikaele, mchimwene wa malemu mayi ake.

A Mikaele ankalima tomato ndi mpiru, koma ankadziwikanso ndi mitengo. Wodwala m'mimba kapena chifuwa ankapita kwa iwo kukatenga khungwa kapena muzu. Nester anawapeza akuthirira, makheni awiri m'manja, thukuta lili kamukamu.

Atamuona anaseka, nati mwina wabwera kudzawalanda makasitomala otsala, poti masiku ano aliyense akungotchula ufa wa Nester. Koma ataona nkhope yake anatula makheniwo. Nester anafotokoza zonse, kuyambira funso la bambo uja mpaka kabotolo ka m'dilowa.

A Mikaele anakhala pamzere wa tomato, napukuta nkhope ndi chipewa.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Za chammwamba sunaname. Chaka cha njala chija, iwe usanabadwe, kuno kunali ana amene dzuwa likangolowa ankapunthwa pamtondo, osauona. Masana ankaona bwinobwino. Mango atapsa, maungu atayamba, ana aja anachira okha. Thupi lawo linkasowa chimene chili m'zakudyazo. Chimenecho ndinachiona ndi maso anga, ndipo aphunzitsi ako akunena zoona.

"Koma mtengo uliwonse uli ndi pamene umathera. Taona dimba ili. Ngalande iyo ikatsekeka, madzi amadzaza m'mizere, mizu n'kuyamba kuola. Pamenepo thira manyowa ngolo khumi, tomato afabe. Manyowa ndi abwino, koma satsegula ngalande. Diso la bambo ako ndi choncho. Ufa wako ndi manyowa. Kabotolo kaja ndiko kamachepetsa madzi."

Nester anafunsa za mwambo wosasakaniza mankhwala. A Mikaele anagwedeza mutu.

"Mwambowo uli ndi pake. Ilipo mizu yaukali imene ine sindingampatse munthu amene akumwa za kuchipatala. Ndimamuuza kuti akafunse kaye. Koma chammwamba ndi ndiwo. Unamvapo munthu wasiya kudya nkhwani chifukwa akumwa mankhwala a malungo? Bambo ako atenga lamulo la mizu n'kuliika pa ndiwo, chifukwa iwe unazitcha mankhwala."

Anayamba kufukula dothi ndi kamtengo.

"Ndikuuze china chimene sindikonda kunena. Ndili mnyamata, nditangophunzira mitengo iwiri itatu, kunabwera mayi wa kutsidya kwa mtsinje, diso litafiira. Anandifunsa ngati ndingathe. Anthu anali pomwepo akumvetsera. Ndinati ndingathe. Ndinafinyira masamba m'diso mwake masiku anayi. Diso lija linayera ngati dzira lophika. Mayi ameneyo anakhalabe ndi moyo zaka makumi awiri, ndipo tikakumana pamsika ankandipatsa moni mwaulemu. Moni umenewo unkandipweteka kuposa kutukwana. Kuyambira pamenepo sindinaikeponso kanthu m'diso la munthu. Langa lomwe litachita ng'ala, ndinapita kuchipatala, anandipala.

"Munthu wodziwa pang'ono amaopsa pamene anthu akumuyang'ana. Mawu oti sindikudziwa ndi aafupi, koma amalemera ngati thumba la feteleza. Ine ndinaphunzira kuwasenza nditawononga diso la munthu. Iwe ukhoza kuphunzira lisanawonongeke."

Nester anawapempha kuti apite iwo akalankhule ndi bambo ake. A Mikaele anakana.

"Alamu anga aja ndikawauza ine, adzati ndi nsanje. Anasiya mankhwala chifukwa cha mawu ako. Adzayambiranso chifukwa cha mawu ako. Ndipo usachedwe. Matenda amenewa chimene adya sabweza."

Anamuthyolera mpiru, nanyamulanso makheni awo.

4. Lamulungu masana

M'mawa wa Lamulungu Nester anaphika phala, ndipo anaona bambo ake akuthira masupuni awo awiri.

Pochokera kutchalitchi anayenda kumbuyo kwawo. Kunkatentha ngati dzulo lake. M'mbali mwa njira munthu wina anaimika njinga yamoto, chogwirira chake chitatulukira m'njira. A Funsani anachigunda ndi nthiti zakumanja. Anaima, natembenuza mutu wonse kuti aone chimene chawagunda. Kenaka anadzudzula anthu oimika njinga paliponse.

Njingayo inali yofiira, yaikulu, pa dzuwa loti mbee.

Atafika kunyumba, a Funsani anavula nsapato nakhala pakhonde. Nester anabwera ndi madzi akumwa. Anagwada, ndipo sanadzuke.

"Ababa, ufa uja suchiza gulakoma."

A Funsani anatsitsa kapu.

"Ndi chakudya chabwino, koma sungalowe m'malo mwa madontho aja. Tsiku lija bambo aja atandifunsa, sindinkadziwa yankho. Ndinangoyankha chifukwa anthu ankandiyang'ana."

"Ndiye unanama pamaso pa anthu onse aja?"

"Ndinanama, ababa."

Kunja nkhuku zinali zitabisala pansi pa nkhokwe, milomo ili yasa. A Funsani anaziyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Nester akanakonda akanakalipa.

"Ndinavala jekete tsiku lija," anatero pomaliza.

Nester anawauza za mayi wa yunifolomu amene sanamuone, za msoko wokhota, ndi za njinga yofiira. A Funsani anati kunali kutopa chabe. Nester anati mwina, koma akapime kuchipatala mawa lomwe.

Apa m'pamene anakana kwenikweni. Anati tsiku lawo linadutsa kale, ndipo m'buku la kuchipatala zikuoneka. Munthu wa imvi ngati iwo akakhale pampando kumakalipiridwa ngati mwana, anthu a pamzere akumva? Akakafunsidwa chifukwa chake akayankhe chiyani, kuti anamvera mwana wa sukulu?

Nester anati akayankha ndi iye. Anati apita nawo, ndipo akapempha mnzake woyandikana naye nyumba kuti akamuperekere uthenga kusukulu.

A Funsani anafunsa ngati mankhwala a m'dilowa aja akadali abwino atakhala pamalo otentha milungu yonseyi.

"Sindikudziwa, ababa. Tikafunse."

"Dokotala wanji wosadziwa?"

"Si ine dokotala. Ndili Fomu 3."

A Funsani anamaliza madzi aja, nabweza kapu osamuyang'ana. Anamuuza kuti asite malaya awo oyera oti avale mawa.

5. Pamzere wa maso

Lolemba ananyamuka m'mamawa, anadzera kusitolo kukatenga kabotolo kaja, nakwera kabaza mpaka pamsewu waukulu. Pofika kuchipatala cha ku boma, mabenchi a kuchipinda cha maso anali atadzaza kale. Panali agogo otsogozedwa ndi ndodo, amayi obereka ana otupa maso, ndi bambo wina amene kachitsulo kanamuthethekera m'diso akuwotcherera.

Anadikira maola anayi. Njira yonse ndiponso pabenchipo, a Funsani analankhula ndi Nester kawiri kokha: kumufunsa nthawi, ndi kumuuza kuti asunthe.

Wopima maso anali mayi wachikulire, wa mawu otsika, wooneka kuti nayenso watopa. Anatsegula buku, nawerenga madeti, nakweza nkhope. Asanafunse, Nester anaimirira n'kunena zonse. Anaika kabotolo ka mankhwala ndi kabotolo ka ufa patebulo, moyandikana.

Mayiyo sanakalipe. Anadontheza mankhwala oziziritsa diso, napima ndi makina. Kenaka anawauza a Funsani kuti amuyang'ane pamphuno, iye n'kumagwedeza zala cha m'mbali. Chakumanja, zala zinafika pafupi kwambiri a Funsani asananene kuti aziona.

Analemba m'buku, natseka cholembera.

"Bambo, madzi akwera kwambiri kuposa ulendo watha. Kuona kwa m'mbali kwachepa, ndipo kumene kwapitako sikubwera. Sindikufuna kukunamizani. Koma pakati pakadali bwino. Ndi pamene mumaonera singano. Pamenepo tikhoza kupasunga, ngati simudumphitsanso.

"Mumati madonthowa simuona ntchito yake. Ntchito yake ndi yoti mawa muone monga mwaonera lero. Munthu sathokoza denga tsiku limene silinadonthe.

"Ufa uwu musataye. Idyani m'phala, idyani mbatata yofiira ija, idyani masamba. Sizimenyana ndi madontho. Anthu ophunzira akufufuzabe zimene zomera zingachite pa matenda a maso, ndipo mwina tsiku lina mwana wanuyu adzakhala mmodzi wa iwo. Koma lero palibe tsamba limene ndingakuuzeni kuti lilowe m'malo mwa kabotolo aka. Ndipo m'diso musaikemo china chilichonse, kaya wanena ndani."

Anatenga kabotolo kakale, nawalembera kena katsopano, ndipo anawauza kuti asamakasunge potentha. Anati abwerenso pakatha milungu iwiri. Madzi akapanda kutsika, adzawatumiza ku Blantyre.

Potuluka anamuitana Nester, namuuza motsitsa mawu kuti abwerere kwa aphunzitsi ake akakonze zimene ananena, chifukwa makolo amene anamva tsiku lija sanali bambo ake okha.

6. Dzina lina

Anafika pa Namitambo cha m'ma 3 koloko. Mitambo inali itasonkhana chakuphiri, koma inali ya bodza, yongowonjezera chifundizi.

A Funsani sanafune kupita kunyumba. Anati yunifolomu ija ikufunika mawa. Anavundukula makina, napukuta fumbi, nakhala pampando wawo.

Nester anasamba m'manja pampopi wa kuseri kwa sitolo. Anadula chotsekera cha kabotolo katsopano. Bambo ake anagadamitsa mutu okha, osauzidwa. Dontho linagwa, iwo anatsinzina, nakanikiza pakona pa diso ndi chala monga anawaphunzitsira kale.

"Amalumabe," anatero.

Nester analowetsa ulusi m'singano, nayala yunifolomu ija, najambula mzere wowongoka ndi choko kuti msoko utsate. A Funsani anaika nsalu pansi pa singano. Mapazi anali kale pachopondera, koma sanaponde.

"Iwe Nester, ukuwadziwa a Lyford a kwa Likoswe? Aja ometa pansi pa mtengo wa mango?"

Nester anati amawadziwa ndi nkhope chabe.

A Funsani anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pansalu. A Lyford anali mnzawo wa pamzere wa maso. Matenda awo anali amodzi, ndipo zaka ziwiri zonsezi ankakhala benchi limodzi. Sabata yoyamba ya Okutobala anakumana pamaliro. A Funsani anawauza za mwana wawo wanzeru, nawagawira theka la botolo la ufa. Anawauzanso kuti asasakanize.

"Lero pamzere paja ndinawayang'ana," anatero. "Linali tsiku lawo. Sanabwere."

Nester anafunsa kuti a Lyford atsala ndi maso angati.

"Limodzi. Ngati ine."

Kwa Likoswe kunali kutali, ndipo dzuwa linali litapendeka. Nester anayang'ana kumene kumaima akabaza, kenaka anafunsa kuti nyumba ya a Lyford ili mbali iti ya tchalitchi cha kumeneko.

A Funsani anamuuza kuti lero kwada, ndipo mtsikana sayenda yekha njira imeneyo madzulo. Anati mawa akaweruka kusukulu adzawapeze pakhonde pompo, adzapitire limodzi, chifukwa a Lyford ndi munthu wouma mutu ndipo mawu a mwana sadzawamva.

"Iwe unanama kwa anthu ambiri. Ine ndinanama kwa mmodzi. Ameneyo ndikamuuza ndekha."

Anawerama mpaka nkhope inayandikira singano, napeza poyambira mzere wa choko. Anakankha gudumu ndi dzanja, mapazi anatsatira, ndipo makina anayamba kulira. Nester anatenga makala kukayatsa ayironi.